Thanki ya Mpweya ya a Damiyano

A Damiyano amwalira sabata yathayi ali gone pa bedi lawo, atakalamba mpaka mano onse kutha m'kamwa. Ndatchula bedi dala, chifukwa alipo ena amene anatsirizikira pa matumba a kachewere, ndipo ine sindinaiwale. Kumtunda kwa Kabwazi anthu akuti ataya munthu wamkulu. Akuti anali ndi nzeru za m'manja, akuti ndiwo anayamba kukweza galimoto kumapiri kuja pamene ena onse ankasenza pamutu, akuti maliro ambiri anayenda pa galimoto yawo. Zonsezo n'zoona, sindikutsutsa. Koma ine ndine mwana wa alamu awo. Akazi awo, azakhali Rozina, ndi mlongo wa malemu abambo anga, ndipo nzeru zimene anthu akutamazi zinakwera mapiri pamsana pa azakhaliwo. A Damiyano ndinkadana nawo ali moyo, ndipo imfa yawo sinandifewetse mtima.

Anali munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, woyenda ngati akukankha chitseko ndi mimba. Sipanala sinkachoka m'thumba la jekete lawo ngakhale pa Misa. M'tchalitchi ankakhala pa benchi la kumbuyo, khutu lili panja, kumvetsera ngati ana akuseweretsa galimoto. Mwana akangoika chala pa galasi, ankatuluka ulaliki uli m'kati, ife m'katimo n'kumva mbama ikulira, iwo n'kubwerera kudzagwada ngati palibe chachitika. Ankakonda kunena kuti pakhomo pawo palibe wodya zaulere: galu alondere, nkhuku iikire, munthu naye aonetse ntchito yake. Ankanenanso kuti chinthu choti ungatole, kuchigula ndi uchitsiru. Anthu ankaseka akamva zimenezi, poyesa kuti ndi nthabwala.

Galimotoyo inali jipi yakale yobiriwira, yokoka ndi matayala onse anayi. Anaipeza itafa kwa mzungu wina wa ntchito za nkhalango, n'kuidzutsa okha ndi manja. Ntchito yake inali kutsitsa kachewere ndi kabichi kuchoka kumtunda kufika pa Chimbiya, pamsewu wa tala. Dzinja likafika, matope a kumeneko amaterera ngati therere, ndipo ngolo ndi malole zinkagonja. A Damiyano okha ndiwo ankadutsa, chifukwa anatulukira kuti ukaphwetsa matayala pang'ono, amaphwathalala n'kugwira matope. Vuto linali pofika pa tala. Tayala lophwa ukaliyendetsa pa tala litasenza katundu limatentha, chubu n'kutsinika, ndiye pa mphambano ya pa Chimbiya paja matayala onse anayi ankayenera kupopedwanso.

Wopopa anali azakhali. Mnyamata wa ganyu a Damiyano sankamufuna, ankati amaba komanso amayankha, pamene mkazi amadya kale pakhomo. Pampu yake inali ya manja, yaitali kufika m'chiuno, yoti uponde ndi mapazi awiri pansi uku ukukankha chogwirira ndi thupi lonse. Azakhali pokwatiwa anali mayi wamtali, woongoka, wotsogolera nyimbo pa chikwati chilichonse cha kwathu. Ine ndinawaona ndi maso anga, chaka ndi chaka, atawerama pa pampu ija mvula ikuwakuntha, amuna awo atakhala m'galimoto akusuta chingambwe. Tayala likaoneka kuti lakhuta, bamboyo ankatsika, kulimenya ndi jombo, n'kunena kuti, "Likadali lofewa ili. Iwe Nabanda, wadya chiyani m'mawa?" Amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu ankayang'ana kumbali chifukwa cha manyazi. Mimba ziwiri za azakhali zinachokera pa mphambano pomwepo, ndipo pambuyo pake a Damiyano ankauza anthu kuti anakwatira chumba, koma bola chimadziwa kupopa.

Munthu mmodzi yekha amene ankalimbana nawo anali abambo anga, a Filipo. Ndiwo anali nkhoswe ya banjalo, ndiwonso anavomera kuti mlongo wawo atengedwe chitengwa kupita kwa mwamuna, m'malo moti mwamunayo adzakhale kwathu monga mwa mwambo. Chimenecho chinkawawawa mpaka kumwalira. Tsiku lina anawapeza pa mphambano pomwepo, ine ndili poteropo ndi dengu langa la tomato.

"Alamu, mlongo wanga sindinamupereke kwa inu kuti akhale pampu."

"Ndiye popani ndinu, alamu. Mikono muli nayo."

"Ndimutenga abwerere kwawo."

"Ukwati wa m'tchalitchi mukaumasula ndinu? Musandisokosere. Ndikapeza thanki, mlongo wanuyu apuma."

Abambo anakadandaulanso kwa a tcheyamani a chipani a dera lathu, poti masiku amenewo pamsonkhano uliwonse ankalengeza kuti mayi asazunzidwe. Anaiwala kuti a tcheyamaniwo ankakwera kutsogolo kwa jipi yomweyo, ndipo amayi opita kukavina kumisonkhano ankanyamulidwa ndi a Damiyano. Mlandu unatembenuka, abambo n'kufunsidwa kuti khadi lawo la chipani la chaka chimenecho lili kuti. Anabwerako atazizira, ndipo kuyambira pamenepo banja lathu lonse linayamba kudikira thanki.

Thanki imeneyi inali yosungira mpweya. A Damiyano anali atamangirira kale pa injini kachipangizo kopopa mpweya, kamene amakaniko amati kompuresa, kozungulira ndi lamba. Koma pakokha kankangopuma pang'onopang'ono n'kutentha tayala limodzi lisanakhute. Pankafunika chitsulo cholimba choti mpweya uzidzazana m'menemo galimoto ikuyenda, kuti pofika pa tala ungolumikiza paipi, matayala n'kudzuka. Kuipeza ndiye kunali kovuta. Anayesa chigubu cha palafini, chinaphulika msoko n'kugwetsa nkhuku imene inkadutsa. Anayesa chitini chachikulu cha mkaka, chivindikiro chinauluka n'kuboola denga la khitchini. Anayesa chozimitsira moto chimene anachipeza sindikudziwa kuti, koma chinali chaching'ono, chosakhutitsa ngakhale tayala limodzi. Anakapempha botolo lachitsulo la gasi kwa abambo mfumu a kumishoni, amene anawakana chifukwa anawerengera kuti apha nalo anthu. A Damiyano anakhala miyezi osapereka moni kwa ansembe.

Kutawuni kwa Dedza kunali Che Jafali, Msilamu wogulitsa zipangizo za galimoto, munthu waulemu amene ankawamvera chisoni azakhali. Iyeyo anaitanitsa thanki yatsopano, yokhala ndi kampopi kotulutsira madzi pansi, n'kuwauza a Damiyano kuti atenge pa mtengo umene iye anagulira. A Damiyano anaizunguza, kuigogoda ndi sipanala, kuiyamikira, n'kuisiya pomwepo. Anati yofanana ndi imeneyo ili pansi pa lole iliyonse yaikulu, ndi imene imagwiritsa mabuleki, ndipo malole amagwa. Che Jafali anangoti, "Bambo, opani Mulungu," n'kuibwezera pa shelefu.

Azakhali nawo anailowa nkhani ya thanki ndi mtima wonse, poti inali nkhani ya msana wawo. Dalaivala aliyense woima pa Chimbiya kugula kachewere ankamufunsa ngati akudziwa kumene kuli lole yakufa. Ankaitchula thanki popemphera korona, pakati pa odwala ndi mizimu ya akufa. Tinkawaseka kuti azakhali, kumwamba akudziwa kuti kompuresa n'chiyani? Iwo ankaseka nafe, dzanja lili m'chiuno, n'kunena kuti wakumwamba ndi mmisiri, amva.

Mu ukalamba wawo, jipi itafa kalekale, a Damiyano ankakhala pa khonde la golosale pa Chimbiya kuuza achinyamata oyendetsa maminibasi mbiri yawo. Nkhani imene ankaikonda inali ya mmene mlamu wawo anafera chifukwa galimoto inalibe thanki. Ankati akanakhala nayo tsiku limenelo, sakanachedwa ndi kupopa, munthu akanafika kuchipatala ali moyo, ndiye onani anyamata kufunika kwa zipangizo. Achinyamatawo ankagwedeza mitu n'kuwagulira tiyi. Ndinaimva kamodzi ndikudutsa. Mlamu ankamunenayo ndi abambo anga, ndipo tsiku limenelo ine ndinalipo, mayi wamkulu kale, mwana ali kumsana.

Kunali kum'mawa, m'dzinja, mvula yowaza ikugwa. Abambo ankachokera kutawuni atakwera pamwamba pa lole ya matabwa. Pafupi ndi mphambano lole ija inaterereka, kulowa m'ngalande, n'kugona cham'mbali, kunsi kwake konse kuli poyera. Dalaivala anatuluka wamoyo n'kuthawa kuopa kumenyedwa. Ena amene anakwera anangosupuka, koma abambo matabwa anawapsinja, ndipo amuna atawasolola tinapeza ntchafu itang'ambika. Amayi ena anamanga balalo ndi zitenje, magazi n'kumapyolabe. Abambo ankayankhula bwinobwino. Atandiona anati, "Mwanawe, chotsa mwanayo pamvula."

Galimoto masiku amenewo zinali zowerengeka. Imodzi inadutsa osaima. Kenako tinamva kulira kwa jipi ikutsika kumtunda itadzaza kachewere, ndipo anthu anafuula kuti Mulungu ndi wamkulu, galimoto yabwera, ndiponso ndi ya chibale. Azakhali anadumpha isanaime n'kugwada pa mlongo wawo. A Damiyano anatsika, kuyang'ana alamu awo, kenako maso awo anapita kunsi kwa lole. Ndinaona nkhope yawo ikuwala. Pakati pa matayala panali thanki yakuda, yaitali ngati mkono wonse, yopanda chibonyongo ngakhale chimodzi.

"Matayala ndi ophwa, sitingayende nawo pa tala," anatero. "Nabanda, tenga pampu. Ine ndikhale ndikuona apa."

Azakhali anayamba kupopa akulira. Amuna amene analipo anawalanda pampu ija n'kumalandirana, mwamphamvu, mwakuti matayala anadzuka msanga kuposa tsiku lina lililonse. Titacheuka kuti tinyamule abambo, a Damiyano anali kunsi kwa lole ndi masipanala, jekete atavula. Atamasula paipi, mpweya unatuluka ndi mkokomo, amayi n'kubalalika poyesa kuti ndi moto. A Damiyano anaseka.

"Mwamva? Siidontha iyi! Lole yagwa, koma mpweya yasunga!"

"A Damiyano, matayala akhuta, tiyeni!" anafuula bambo wina wogulitsa nyama.

"Apolisi akafika ndiipezanso? Dikirani pang'ono."

Makiyi anali m'thumba mwawo, ndipo pa gulu lonselo panalibe wina wodziwa kuyendetsa. Kuwagwira pakhosi aliyense ankafuna, koma aliyense ankadziwanso amene amakwera kutsogolo kwa jipi ija, ndi mmene anthu ankasowera masiku amenewo chifukwa cha mawu amodzi. Ndinawagwadira m'matope, ndinawatchula kuti bambo, sananditembenukire. Abambo anadzutsa mutu.

"Alamu, magazi akutha."

"Limbani mtima, alamu. Yatsala bawuti imodzi, yachita dzimbiri. Wina andipatse palafini."

Bawutiyo inkazungulira pamodzi ndi nati yake, yosamasuka popanda wina wogwira kuseri. A Damiyano anaitana amuna aja, onse anakana ndi mkwiyo. Ndiye anaitana akazi awo. Azakhali anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana lole, n'kuona kuti njira yachidule yopitira kuchipatala ndi yomweyo. Anadzuka, manja ali magazi okhaokha, n'kukagwira sipanala. Anaima pamenepo atafulatira mlongo wawo, akukanikiza ndi mphamvu zonse, abambo akuwaitana dzina la paubwana. Bawuti itagonja, a Damiyano anaifukata thanki ija, kuikulunga m'thumba, kuikhazika pa mpando wa kutsogolo n'kuitchinjiriza ndi jekete kuti isagundike. Kachewere anakana kutsitsa. Abambo tinawagoneka pamwamba pa matumba, ine ndi azakhali titawagwira uku ndi uku.

Anatisiya titangodutsa mlatho wa Linthipe. Azakhali anamenya denga la jipi mpaka inaima. A Damiyano anatsika, kusuzumira, kuvula chipewa, n'kupukusa mutu.

"Waona kuipa kosowa thanki?" anatero kwa akazi awo.

Pa maliro anagwira ntchito kuposa aliyense. Bokosi linayenda pa jipi, nkhuni zinabwera pa jipi, ndipo wolankhula m'malo mwa mudzi anawathokoza kuti mkamwini wotere ndi wosowa, anayesetsa kuthamangira kuchipatala koma Mulungu anakonza zina. Amene anaona zija anaweramitsa mitu. Ine ndinafuna kuimirira, apongozi anga n'kunditsina pantchafu.

Tisanamete n'komwe, thanki inali itamangidwa kale kunsi kwa jipi, itapakidwa utoto wobiriwira kuti mwini lole asaizindikire. Kunena zoona inagwira ntchito bwino, ndipo chimenecho chimandipsetsa mtima mpaka lero. Tsiku loyamba anthu anaunjikana pa mphambano. A Damiyano anasolola paipi, kuilumikiza, tayala n'kudzuka anthu akuona, lina, linanso, ndudu ili pakamwa isanathe. Ana anaomba m'manja. Madalaivala a malole anagwada kusuzumira kunsi, kufunsa mmene anailumikizira. Azakhali anaima pambali, manja ali lende, kwa nthawi yoyamba opanda chochita pa malo amene aja. Tinaganiza kuti ngakhale zafika moipa chotere, msana wawo upumako.

Kupuma kwake kunali kwa mtundu wina. Mvula ya chaka chimenecho isanathe, jipi inaima pabwalo la kwathu masana. A Damiyano anatsitsa azakhali, mtolo wa zovala, mphika umodzi ndi pampu ija. Amayi anga, ali m'nsalu zakuda, anatuluka kudzafunsa kuti kwagwanji.

"Palibe chagwa, mayi. Ntchito yatha. Mwana sanandipatse, kupopa kwapeza mwini wake, ndiye azidya chiyani kwanga?"

"Nkhani ya banja imakambidwa ndi ankhoswe, bambo."

"Aitaneni ankhoswewo, ndidikira."

Ananena akuyang'ana kumanda, kumene dothi la abambo linali lisanamere udzu. Kenako analoza pampu n'kuwauza azakhali kuti atenge, ndi yawo, anaizolowera. Mwamuna wina wotsala pa mtundu wathu anali wamantha, sanapite n'komwe kukafunsa. Pasanathe mwezi, pa mpando wa kutsogolo pankakhala mtsikana wina wa kumowa, wodzola milomo. Ameneyo anadya za kachewere mpaka injini itagogoda n'kufa, ndiye anapakira zake n'kupita ndi dalaivala wa basi. A Damiyano anatsala okha, akuphika okha, akutukwana ana a eni ake odzasewera pa chigoba cha jipi. Kodi anachedwa dala tsiku lija kuti nkhoswe yovutayo ichoke? Azakhali amati sakudziwa. Ine ndimati sanachite kukonza, koma ataona kuti zikupita kumeneko, sanaone chifukwa chothamangira.

Kuyambira pamenepo azakhali akhala ndi ine. Msana unapindika, amayenda akuyang'ana pansi, ndipo usiku sagona chagada. Nyimbo anasiya. Kutchalitchi amapita, korona amapemphera, koma anandiuza kuti sadzapemphanso kanthu kwa Mulungu mochita kutchula dzina, chifukwa kamodzi kamene anatchula anapatsidwa. Dzina la amuna awo silinatulukenso pakamwa pawo, ndipo nkhani ya imfa yawo itafika anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusankha nyemba.

M'mawa mwake kunabwera akuluakulu awiri a kwa a Damiyano, zipewa zili m'manja. Tinawayalira mphasa, anapereka moni wautali, kenako wamkuluyo anayamba.

"Mayi, tabwera ndi misozi. Amuna anu atisiya."

"Ndamva."

"Zinachitika zija tikuzidziwa, sitikuzikana. Koma ku tchalitchi dzina lolembedwa ndi lanu, ndipo munthu sanakusudzuleni pamaso pa ankhoswe. M'nyumba ya siwa, kumutu kwa maliro, pafunika mkazi wake. Mwana palibe, mlongo palibe. Tichita manyazi, mayi. Tiyeni mukangokhalapo mpaka tiike."

Azakhali ankangosankha nyemba m'lichero. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndimawadziwa kuti munthu wowapempha mwaulemu samubweza.

"Thanki ija ikadalipo?" anafunsa.

Akuluakulu aja anayang'anana. Wamng'onoyo anati ilipo, ikadali kunsi kwa chigoba kuseri kwa nyumba.

"Kaimasuleni muikhazike pamphasa ya kumutu kwa maliroko. Ndi imene analowetsa m'nyumba pondichotsa ine. Mukapeza bawuti yachita dzimbiri, musathamange, thirani palafini, muifatsire. Malirowo adikira. Achimwene anga anadikira ali moyo."

Akuluakuluwo anapempha kawiri, katatu, azakhali osadzutsanso mutu. Anavala zipewa zawo ali pabwalo pomwepo n'kubwerera.

Ine ndinapita, osati kukalira, koma kuti ndione ndi maso anga akutsitsidwa. Ndinalowa m'nyumba ya siwa monga achitira amayi onse. Munali mozizira, monunkha oyilo wakale ndi utsi. Amayi a mphakati anakhala motsamira zipupa akuimba nyimbo za m'buku, mawu ali bwinobwino, maso ali gwa. Kumutu kwa bokosi anali atayala mphasa yatsopano, ndi chitenje chopinda pamwamba choti namfedwa afunde. Amayi ankapanikizana pakhomo, ena atakhala pamiyendo ya anzawo, koma pamphasapo panalibe wofuna kusenderapo. Aliyense wolowa ankagwada, kutembenukira kumutu kuja kuti apepese, n'kupeza palibe womugwira dzanja. Ankakhala kaye ali chigwadire, dzanja lili m'malere, kenako n'kulibweza pachifuwa. Amuna atabwera kudzanyamula bokosi, panalibe woligwira kuti lisatuluke, panalibe wofuula kuti mwandisiyira yani. Linatuluka mosavuta, ndipo mayi wina anapinda mphasa ija n'kukaibweza kumene anabwereka.